Dzuwa la ku Melbourne silinabwerekedwe ku Paris

Pa 17 Ogasiti 1889, anyamata angapo ojambula zithunzi anatsegula chionetsero m'chipinda china cha pa msewu wa Swanston, mumzinda wa Melbourne ku Australia. Zithunzi zinalipo zoposa 180, koma zambiri zinali zing'onozing'ono, mainchi 9 mulitali ndi mainchi 5 mulifupi, chifukwa anazijambula pa timatabwa tovundikira mabokosi a ndudu. Mnzawo wina, Louis Abrahams, kwawo ankachita malonda a fodya, ndiye timatabwato sitinkasowa. James Smith, amene ankalemba nkhani za luso m'nyuzipepala ya The Argus, anapita kukaona ndipo anabwerako atakwinya nkhope. Analemba kuti pa zithunzi zisanu zilizonse, zinayi zinali zopweteka m'maso. Anyamatawo anadula nkhaniyo n'kuimata pakhomo, ndipo anthu odutsa anayamba kukhamukira m'kati kuti akadzionere okha.

Chitonzo cha Smith chinatha kalekale. Lero zithunzi za anyamata aja, Tom Roberts, Arthur Streeton, Frederick McCubbin ndi Charles Conder zili m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo zithunzi ku Australia, ndipo mu 1995 National Gallery of Australia inagula chithunzi chimodzi cha Streeton ndi madola a dzikolo 3.5 miliyoni. Koma pali chitonzo china chimene sichinathe, ndipo chimagwera ojambula onse a kajambulidwe aka, kotchedwa Impressionism, amene ankakhala kutali ndi France. Anthu amati iwowa anali otsanzira chabe: luso lenileni linabadwira ku Paris, ena onsewa anangotola nyenyeswa. Ine ndikukana zimenezi, ndipo ndikuona kuti amene amanena choncho sanamvetse chimene a ku Paris omwewo ankachita.

Tiyambe ndi a ku Pariswo. Mu 1874 Claude Monet, Auguste Renoir, Camille Pissarro, Berthe Morisot, Alfred Sisley ndi anzawo anaonetsa ntchito zawo paokha, atatopa ndi akuluakulu amene ankasankha zithunzi zoyenera kuonedwa. Dzina loti Impressionism linachokera pa chithunzi cha Monet cha doko la Le Havre dzuwa likutuluka. Kujambulira panja sanayambitse ndi iwo, koma iwo anakutenga ngati ntchito yeniyeni, osati kukonzekera chabe chithunzi chodzamalizira m'nyumba. Zinthu ziwiri zinawathandiza. Choyamba ndi kachubu ka penti, kamene munthu wa ku America, John Goffe Rand, anatulukira mu 1841. Kale ojambula ankasunga penti m'zikhodzodzo za nkhumba, zimene ukaziboola kamodzi pentiyo ankayamba kuuma. Chachiwiri ndi sitima yapamtunda, imene inkamuchotsa munthu mumzinda m'mawa n'kukamutula kumidzi dzuwa lisanakwere. Atafika panjapo anaona zimene sukulu sinawaphunzitse: mthunzi si wakuda, uli ndi mtundu wake, nthawi zina wabuluu, nthawi zina wapepo. Khoma loyera masana limakhala lachikasu madzulo. Ndipo zonsezi sizidikira munthu.

Ndiye taganizani. Ngati lamulo la luso ili ndi lakuti tuluka panja, yang'ana kuwala kumene kuli pamaso pako pa ola limenelo, jambula chimene diso laona osati chimene unaloweza, munthu angalitsatire bwanji ali ku Melbourne n'kutulutsa chithunzi cha ku Paris? Amene walitsatira mokhulupirika ayenera kutulutsa chinthu china, poti dzuwa lake ndi lina, dothi lake ndi lina, mitengo yake ndi ina. Wotsanzira weniweni ndi uja amene waima pa chigwa chouma cha ku Australia n'kujambula msipu wobiriwira wa m'mbali mwa mtsinje wa Seine ku France. Streeton sanachite zimenezo, ndipo sakanatha n'komwe. Pamene ankajambula zithunzi zake zotchuka anali asanapondeko ku Ulaya. Anapita mu 1897, zaka zisanu ndi zitatu chichitikireni chionetsero cha timatabwa chija.

Amene anabwera ndi nzeruyi ndi Roberts. Anabadwira ku England mu 1856, anafika ku Melbourne ali mnyamata, kenako anabwerera ku London kukaphunzira ku sukulu ya luso ya Royal Academy. Mu 1883 anayenda m'dziko la Spain, kumene anakumana ndi ojambula achinyamata awiri, Laureano Barrau ndi Ramon Casas, amene anamuonetsa kajambulidwe kachangu kogwira kuwala kusanathawe. Atabwerera ku Melbourne mu 1885, iye, McCubbin ndi Abrahams anamanga tenti pa famu ina ku Box Hill, kumene njanji inali itafika zaka zochepa m'mbuyomo. Onse anali anthu ogwira ntchito zina m'kati mwa sabata. McCubbin anakulira m'banja lophika buledi, Roberts ankathandiza ojambula ndi kamera, Streeton ankaphunzira ntchito yosindikiza. Loweruka likakwana ankakwera sitima. Mu 1888 Streeton anapatsidwa chilolezo chokhala m'chinyumba chakale pa phiri la Eaglemont, pafupi ndi dera la Heidelberg kunja kwa Melbourne, ndipo anzake anamutsatira. Dzina la gulu lawo, loti Heidelberg School, linachokera pamenepo, ndipo analipereka ndi mlendo wa ku America, Sidney Dickinson, mu 1891.

Apa ife tili ndi mwayi womvetsa vuto lawo kuposa munthu wa ku London, chifukwa mtengo umene unkawasautsa timaudziwa. Bulugama kwawo ndi ku Australia, kuno anachita kubwera naye. Aliyense amene anakhalapo pansi pa bulugama masana akudziwa kuti mthunzi wake si wa mtengo wa mango. Masamba a mango amagona chafufumimba n'kutchinga dzuwa, pansi pake pamakhala mdima wozizira. Masamba a bulugama amalendewera, nsonga kuloza pansi, ndiye dzuwa limadutsa pakati pawo n'kugwera pansi m'timadontho. Mtundu wa masambawo si wobiriwira kwenikweni, ndi wotuwa wopita ku buluu. Makungwa amasendeka n'kulendewera, thunthu n'kutsala loyera ndi mawangamawanga. Nthambi sizipanga mutu umodzi wozungulira, zimangoti apa kagulu ka masamba, apo mpata, apo kagulu kena, moti kumwamba kumaonekera m'kati mwa mtengo. Munthu amene anaphunzira kujambula mitengo ya ku Ulaya ya mthunzi wandiweyani, ndi penti wabulauni wothimbirira wa m'chipinda, akafika pa bulugama dzanja limamunamiza. Ambiri mwa azungu oyamba kujambula dzikolo anagwa mumsampha umenewo. Si onse. Louis Buvelot, wochokera ku Switzerland, amene anafika ku Melbourne mu 1865, anayamba kuuona mtengowu monga uliri, ndipo anyamata a ku Heidelberg ankamulemekeza ngati kholo lawo. Koma iwo anapitirira pamenepo. Anasiya mitundu yakuda, anakweza kuwala kwa chithunzi chonse, mpaka dothi lenileni n'kumathobwa m'maso.

Chithunzi chimene chinagulidwa mamiliyoni chija ndi Golden Summer, Eaglemont, cha 1889. Streeton anali ndi zaka 21, ndipo kunali chilala. Mulibe nkhani yaikulu m'chithunzicho. Muli dambo louma la udzu wachikasu, mnyamata akubwera ndi nkhosa, mithunzi ya mitengo yatalika poti dzuwa lapendeka, ndipo kutali kuli mapiri a Dandenong abuluu. Chonse chaima pa mitundu iwiri, golide wa udzu wouma ndi buluu wa patali. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti mnyamatayo sanachite manyazi ndi chilala. Udzu wopserera, umene ena akanauona ngati chizindikiro cha dziko losauka, iye anauika pakati pa chinsalu n'kunena kuti kukongola kwa kuno ndi kumeneku. Chithunzicho chinakaonetsedwa ku Royal Academy ku London mu 1891, ndipo chaka chotsatira chinayamikiridwa ku Paris. Sindikutchula izi ngati umboni woti chinali chabwino. Chinali chabwino chisanakwere chombo.

M'kabuku ka chionetsero cha 1889 anyamatawa analembamo mfundo imene ine ndimaiona ngati phata la nkhani yonse. Anati theka la ola silifanana ndi theka linzake, ndipo munthu amene akujambula kulowa kwa dzuwa madzulo awiri otsatizana ndiye kuti mbali ina akujambula za m'mutu. N'chifukwa chake timatabwa tinali tating'ono. Sikunali ulesi monga ankaganizira Smith. Kachithunzi ka mainchi 9 kamatheka kumalizidwa mtambo usanasunthe. Koma changu cha dzanjacho chimabwera pambuyo pa kuyang'ana kwa nthawi yaitali, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu amabwerera pamalo amodzimodzi miyezi ndi miyezi mpaka adziwe nthawi imene phiri lakutilakuti limasintha mtundu, ndiyeno tsiku lina n'kuchigwira m'mphindi makumi atatu. Wodutsa sangachite zimenezi. Luso ili limafuna munthu wokhazikika pamalo, ndipo n'chifukwa chake linabala timagulu tambiri ta m'madera.

Kwina zinayendanso chimodzimodzi. Ku Skagen, mudzi wa asodzi kumpoto kwenikweni kwa Denmark, P.S. Krøyer, Anna Ancher ndi Michael Ancher anajambula madzulo aatali a kumeneko, pamene nyanja ndi thambo zimasanduka buluu umodzi. Ku Valencia, Joaquín Sorolla analimbana ndi dzuwa loswa mtengo likugwera pa matanga oyera ndi pa matupi onyowa a ana osambira. Ku South Africa, Hugo Naudé anaphunzira ku London ndi ku Munich, n'kubwerera kwawo ku Worcester, ndipo amakumbukiridwa ndi maluwa a ku Namaqualand amene amaphuka kanthawi kochepa mvula ikagwa. Muike zithunzi za anthu amenewa pa khoma limodzi, palibe angasokoneze kuti ichi n'cha kuti.

Ndikamaganiza zimenezi ndimakumbuka zithunzi zimene zimagulitsidwa kwa alendo m'mbali mwa nyanja yathu ndi m'misika ya ziboliboli m'tauni. Dzuwa lofiira, mlambe wakuda, bwato limodzi, mayi atasenza mtsuko. Sindikuwanyoza anyamata ojambulawo, ambiri dzanja ali nalo ndithu, ndipo munthu amajambula chimene chikugulidwa kuti kunyumba adye. Koma dzuwa limenelo ndi la m'mutu. Nanga utsi wa mu Okutobala, tchire likamapsa mapiri n'kuzimirira? Nanga nyanja ya tsiku la mwera, yotuwa ndi yaukali? Nanga chiperoni chikatsika pa minda ya tiyi ku Thyolo, kapena mtambo wa tizilombo ta nkhungu ukamadzuka pakati pa madzi? Zonsezi zilipo chaka ndi chaka, ndipo ndimalakalaka kuziona pa chinsalu kawirikawiri kuposa mmene ndimazionera.

Tibwerere kwa Streeton, chifukwa pali chithunzi chake china chimene chimandivuta. Mu 1891 anapita ku Lapstone, m'mapiri a Blue Mountains, kumene anthu ankaboola phiri kuti njanji idutse. Ali pomwepo akujambula, wantchito wina anafa pophulitsa miyala. Chithunzi chimene chinatuluka, Fire's On, n'chachitali kuposa munthu wamba. Dzinalo ndi mfuu imene ankachenjezana nayo asanaphulitse. Ukaima patsogolo pake choyamba kukugwira ndi kutentha: thanthwe loyera likunyezimira, miyala yogumuka, kumwamba kwa buluu wakuya kopanda kamtambo. Pamapita kanthawi kuti diso litsike n'kupeza kukamwa kwakuda kwa ngalandeyo, ndipo pamenepo m'pamene umaona tianthu ting'onoting'ono tikutulutsa mtembo pa machira. Imfa ya munthu yatenga kachigawo kochepa kwambiri ka chinsalu, dzuwa latenga zonse.

Ena amati pamenepa m'pamene pali mphamvu ya chithunzicho, kuti dziko louma lija silisamala za munthu, ndipo Streeton ananena zoona. Ndikuvomereza. Koma chithunzi chomwechi chikuonetsanso ngozi ya luso ili. Diso limene laphunzira kusaka kuwala likhoza kudutsa munthu osamuona. Ndipo apa pali mlandu umene ine, ngakhale ndimawakonda ojambulawa, sindingawachotsere.

Malo onse amene ankajambula, Box Hill, Eaglemont, m'mbali mwa mtsinje wa Yarra, ndi dziko la anthu a mtundu wa Wurundjeri, amene mtsinjewo amautcha Birrarung. Azungu anayamba kumanga Melbourne mu 1835. Pamene Roberts ankakhoma tenti yake panali patangopita zaka 50, ndipo anthu amene anaona kulandidwa kwa dzikolo ndi maso awo anali akadali moyo. Otsala ambiri anali atasonkhanitsidwa ku Coranderrk, pafupi ndi Healesville, malo amene anakhazikitsidwa mu 1863. Mu 1886, anyamata aja akusangalala ndi kuwala kwa ku Box Hill, boma la Victoria linakhazikitsa lamulo lothamangitsa m'malo oterewa anthu amene makolo awo ena anali azungu, ndipo mabanja anagawikana. Mukayang'ana madambo agolide a Streeton simupezamo chizindikiro chilichonse cha zimenezi. Mupeza nkhosa. Mukayang'ana nkhalango za McCubbin mupeza mzungu wofuna golide atakhala pa moto wake mwachisoni, kapena banja la atsamunda likugwetsa mitengo, monga m'chithunzi chake cha 1904, The Pioneer. Dziko likuoneka ngati linali lopanda mwini, likudikira nkhwangwa. Roberts anajambulako nkhope za eni dziko angapo pa ulendo wake wa kumpoto mu 1892, koma zimenezo sizinalowe m'zithunzi zikuluzikulu zimene dziko linadzazikonda.

Ndipo dziko linazikondadi. Madera a Australia atagwirizana kukhala dziko limodzi mu 1901, zithunzi za ku Heidelberg zinasanduka nkhope ya dziko latsopanolo, ndipo Roberts yemweyo ndi amene anapatsidwa ntchito yojambula kutsegulidwa kwa nyumba ya malamulo yoyamba. Chaka chomwecho nyumbayo inakhazikitsa lamulo lotsekera kunja anthu osakhala azungu. Sindikunena kuti Streeton ndi amene analemba lamulolo. Ndikunena kuti chithunzi chokongola cha dziko lopanda eni ake chimagwira ntchito, kaya wojambula anafuna kaya sanafune.

Akazinso anatsala m'mphepete. Jane Sutherland ndi Clara Southern ankajambula nawo m'malo omwewo, koma mwambo sunkawalola kugona ku misasa ya amuna, ndiye ankabwera m'mawa n'kubwerera madzulo. Kwa munthu wosaka kuwala chimenechi si chinthu chaching'ono, chifukwa m'bandakucha ndi chisisira ankazipeza movutikira. Kwa zaka zambiri mayina awo sankatchulidwa pamodzi ndi amuna anayi aja.

Kodi ndiye zonsezi zikugwetsa zimene ndanena poyamba? Ayi. Mlandu wawo si woti anatsanzira Paris. Mlandu wawo ndi woti lamulo lawo lomwe, loti yang'ana chimene chili pamaso pako, sanalitsatire mpaka kumapeto. Anayang'ana udzu, makungwa, fumbi ndi mthunzi moona mtima kuposa azungu onse amene anawatsogolera, koma anaima asanafunse kuti malo ano anali a yani. Mankhwala ake si kutsitsa zithunzizo pa khoma. Ndi kupachika pambali pake zimene eni dziko ankajambula m'zaka zomwezo. Zilipo. William Barak, mtsogoleri wa a Wurundjeri ku Coranderrk, amene ankayenda wapansi mpaka ku Melbourne kukadandaulira boma, m'zaka zake za ukalamba ankajambula magule ndi miyambo ya anthu ake, pogwiritsa ntchito dothi lofiira, makala ndi penti wa azungu. Anamwalira mu 1903. Mu 2022 ntchito zake ziwiri zitaikidwa pa msika ku New York, a Wurundjeri anasonkha ndalama, boma la Victoria linaonjezera, n'kuzigula kuti zibwerere kwawo. Mwana wa sukulu woima pakati pa Barak ndi Streeton angaphunzire zambiri za dambo limodzi lomwelo kuposa woona mmodzi yekha.

Pali munthu winanso amene nkhani yake imandiwawa kwambiri. Albert Namatjira, wa mtundu wa Arrernte, anabadwa mu 1902 ku mishoni ya Hermannsburg, pakati penipeni pa Australia. Mu 1936 anaperekeza mzungu wojambula, Rex Battarbee, ngati woyendetsa ngamila, ndipo pa ulendowo anaphunzira kujambula ndi penti wa madzi. Chionetsero chake choyamba ku Melbourne mu 1938 zithunzi zonse zinagulidwa. Ankajambula mapiri a MacDonnell, ofiira pafupi ndi apepo patali, ndi mitengo ya bulugama ya thunthu loyera mbee. Anthu wamba anamukonda, koma akatswiri ambiri a luso anamunyoza ndi mawu omwe aja: wangotsanzira azungu, si luso lake. Sanaone kuti munthuyo ankajambula dziko la makolo ake, malo amene ankawadziwa mayina ndi nthano zake, ndi kuti mitundu imene ena ankati ndi yokokomeza ndi mmene mapiriwo amaonekeradi dzuwa likapendeka. Penti anali wobwera, inde, monga momwe analili wobwera kwa Streeton. Maso anali ake.

Boma linamupatsa unzika mu 1957, pa nthawi imene abale ake ambiri analibe. Chaka chotsatira anaweruzidwa kuti akakhale kundende pa mlandu wopatsa mowa m'bale wake amene lamulo silinkamulola kumwa. Anamwalira mu 1959. Ufulu wosindikiza zithunzi zake unagulitsidwa mu 1983 pa madola 8,500 okha banja lake lisanafunsidwe, ndipo adzukulu ake anaulandiranso mu 2017. Ena mwa iwo akujambulabe mapiri omwewo ndi penti wa madzi.